Makomo Asanu ndi Limodzi

Mapiri afupika usiku uno.
Pa galasi la kompyuta, pamene dzulo mpweya wa mefeni
unaima njo ngati nsonga ya mkondo,
pangotsala kachulu,
mchira wake ukukwekwereza pansi.

Thu koloko. Mphepo ya Ogasiti ikugwedeza malata a ku Germiston.
A Sithebe anaweruka kalekale, anandisiyira kapepala:
zotsatira zikhale patebulo pofika seveni.

Ndikudziwa pamene patsamwa.
Valavu iyi ili ndi makomo asanu ndi limodzi,
lililonse ngati diso la singano,
ndi kachubu kopota ngati nkhata, timakatcha lupu,
kamene kamatapa mpweya muyezo umodzimodzi,
osabera, osaika banyira.
Lero katapa theka.

Ndazimitsa moto, ndadikira chitsulo chizizire.
Ndatseka heliyamu, wodula kuposa lendi yanga.
Sipanala yaing'ono, dzanja lofewa:
natiyu sakakamizidwa, amapemphedwa.

Waya ayi.
Mnyamata wina, Tebatso, anatokosapo ndi waya chaka chatha,
anakanda nkhope ya valavu,
chipsera chake chinadontha mpaka tinagula ina.
Chotsamwa sachikankhira kutsogolo.
Umachibweza njira imene chinadzera.

Ndiye ndatembenuza lupu, kotulukira kwakhala kolowera,
asetoni m'jakisoni, chala chachikulu chikukankha.
Wakana.
Ndakankhanso. Wakana.
Kachitatu, phwi!
dontho lachikasu pa pepala loyera,
pakati pake kanjere, kochepa kuposa dzira la nsabwe.

Ndakayang'ana nthawi yaitali kuposa imene ntchito imalola.

Fumbi ili ndimalidziwa.
Limachoka pa mapiri achikasu aja a m'mbali mwa msewu,
mapiri osalengedwa ndi Mulungu,
amene anthu anafukula pansi ndi mapapo awo.
Bambo anga a Zakeyu anaponyapo fosholo yawo.
Anabwerera ku Bilira ndi sutikesi yachitsulo,
chipewa, wailesi, jekete la mabatani agolide,
ndi kamluzu m'chifuwa.
Ndinkagona kuseri kwa chipupa ndikumvetsera
mpweya ukupempha njira,
usiku uliwonse muyezo ukuchepa,
theka, theka la theka.
Panalibe nati womasula.
Panalibe kotulukira koti nkusandutsa kolowera.
Achipatala anati ndi chifuwa basi,
anawapatsa mapilitsi oyera m'kapepala.

Hafu pasiti fili. Manja, bwererani kuntchito.

Ndauzira naitirojeni mpaka lupu yauma gwa,
pakuti chinyezi ndi fumbi zikakwatirana zimabala phala.
Sefa yakale ndataya, yada ngati fodya;
yatsopano ndaimanga patsogolo penipeni,
mlendo azipukuta mapazi asanalowe.
Lamba wotenthetsa ndakulunga paipi yonse
mpaka kakona kaja aliyense amakaiwala,
pamene chisanu chimakhalira kusandutsa mpweya misozi.
M'buku ndalemba tsiku, ndi mawu akuluakulu:
TSUKANI NJIRA MUKATHA KUYEZA, OSATI MAWA.
Sawerenga, komabe ndalemba.

Ndamanga. Ndanunkhiza mfundo iliyonse ndi kachida kosaka podontha.
Zii.
Ndayatsa, ndadikira kutentha kukwere,
ndamwa tiyi wozizira woiwalika pawindo.

Kenako valavu yati tcha,
liwu laling'ono ngati munthu wothyola chala,
cholembera chosaoneka chayamba ulendo pa galasi.
Chigwa. Chigwa.
Ndiyeno phiri, lowongoka, lakuthwa,
lina pambuyo pake, ndi linanso,
lililonse pamalo pake, pa msinkhu wake wakale.
Chitsulo chapuma mpweya wonse.
Ndazindikira kuti ine ndinali nditaugwira wanga.

A Sithebe adzapeza manambala okha.
Kanjere kaja ndakamata ndi selotepi
pa tsamba lomaliza la buku langalanga,
popanda dzina.

Sikisi koloko, takisi ya ku Rosettenville yadzaza.
Tikudutsa mapiri achikasu, dzuwa likuwapaka mafuta.
Mwana wa sukulu pambali panga watsegula windo.
Ndatambasula dzanja pamwamba pa mutu wake,
ndatseka.